Mtima wa Bambo Moriwaki

Anawabweretsa Lachiwiri mbandakucha,
mvula ya ku Sunderland ikuwaza cham'mbali.
Bambo Moriwaki, zaka makumi anayi ndi zinayi,
injiniya wa ku fakitale ya magalimoto.
Dzulo lake anadya bwino, napukuta magalasi,
natchera alamu pa faifi koloko.
Alamuyo analira yekha mpaka kutopa.

Ine ntchito yanga ndi kuyeza.
Ndimaika mtima pa sikelo,
ndimawerenga magalamu mokweza, dokotala nkumalemba.
Wa bambowa unalibe banga.
Mitsempha yoyera ngati mapaipi atsopano,
m'mutu mosakha magazi,
mapapo a munthu wosadziwa fodya.

Dokotala Hetherington anavula magolovesi.
Ambiri, akuti, timawapeza mtsempha wa mtima utatsekeka,
ena wa mu ubongo utaphulika.
Koma alipo ochepa amene amachoka
atasesa pakhomo, osasiya phazi.

Mkazi wawo, Chizuru, anafika masana
atanyamula masokosi mu jumbo,
poti amuna awo ankazizidwa mapazi.
Sanalire. Anandifunsa kuti,
kodi amafa chonchi ndi angati pa chaka?
Ngati kuti nambala ndi anthu
oti nkukhala nawo pasiwa.
Kwawo, akuti, imfa yotereyi ili ndi dzina,
lalifupi ngati kuthyoka kwa kamtengo kouma.

Ndinafuna kuwauza za achimwene anga a Lufeyo,
amene anagwa pa Mponela atagwira njinga ya kabaza,
chenje cha kasitomala chili m'manja.
Iwo palibe anawang'amba.
Tisanakwirire nkomwe manda
chala chinali chitaloza kale azakhali,
ndipo azakhaliwo anakalamba okha,
ana akuwoloka msewu akawaona.

Kuno sitiloza munthu.
Tili ndi kabokosi pa fomu
momwe timalemba kuti: chosadziwika.
Sindikudziwa chimene chimalemera kwambiri,
bodza lokhala ndi dzina
kapena choonadi chopanda nkhope.

Ndinawaveka masokosi aja ndekha,
lakumanzere linali losokedwa pachidendene.

Madzulo m'basi yopita ku Hendon
mawindo atachita nthunzi,
ndinalowetsa dzanja m'jekete ngati ndikufuna tikiti.
Kanthu kaja kanali kakugundabe,
kosalonjeza kalikonse.
Ndinawerenga mpaka makumi asanu ndi awiri,
ndinapitirira siteji yanga.