Mawu Otsala M'khola

Ng'ombe tinagulitsa Lachisanu ku Hexham,
zonse makumi anayi ndi ziwiri.
Wogula sanafunse dzina la iliyonse,
anangowerenga manambala achikasu a m'makutu.

Usiku, mvula ikugogoda pazenera,
ndinatsegula kaundula wa malemu Lancelot Heslop,
bambo wa bambo anga,
wonunkha palafini ndi ndowe youma.
Tsamba loyamba: kye, zisanu ndi zitatu.
Ndimo tinkanenera kuno kumpoto,
imodzi cu, zikachuluka kye.
Akummwera anaona ngati sizinachuluke mokwanira,
analumikizako kamchira, nati kine,
liwu lochulukitsidwa kawiri
ngati munthu wobwerera kukakhoma chitseko chokhoma kale.

Patsogolo pang'ono, inki itathimbirira: neat.
Ndili mwana ndinkayesa akutama ukhondo,
ndikuseka, poti ndinkalidziwa khola lathu.
Ayi ndithu. Muzu wake ndi kupindula nacho,
chamoyo chimene umadyerapo.
Lero liwulo langotsala pabotolo
la mafuta ofewetsera chikopa cha nsapato,
owiritsidwa kuchokera m'mafupa a miyendo yake.

Rother simo m'kaundula.
Linafa Lancelot asanabadwe,
koma linasiya mafupa m'mayina a malo.
Mng'ono wanga Isobel amakwera sitima ku Rotherhithe m'mawa uliwonse,
khofi m'manja, maso pafoni,
osadziwa kuti dzinalo amati ndi doko la ng'ombe,
kuti pansi pa simenti pali matope opondedwa ndi ziboda.

Kale kwambiri kunali feoh:
ng'ombe ndi chuma, mpweya umodzi.
Mbale wake fee ndinakumana naye dzulo
pansi pa kalata ya loya.
Nalo cattle ndi mlendo, linawoloka nyanja ndi Anomani,
liwu lowerengera mitu.
Mphwake capital anapita kubanki
ndipo sanabwereko kudzakama.

Kutacha ndinapita kukhola mwachizolowezi,
ndowa m'manja, yopanda ntchito.
Kwatsala kathole kamodzi kotsimphina,
ka chaka chimodzi, kamene palibe anakatchulira mtengo.
Lancelot akanalemba stirk, n'kutseka buku.

Ndinaima pakhomo, mpweya ukufuka m'chisanu,
ndinaitana mokweza ngati zilipo zonse:
kye, kye!
Kanatembenuka pang'onopang'ono,
kanayang'ana kumbuyo kwake, kukhoma lamiyala,
kenaka kanabwera kokha,
kakukoka mwendo.