Mmisiri ku Alhambra

Zaka makumi asanu bambo anga, a Eusebio,
nyumba yachifumuyi ankangoionera m'munsi,
m'misewu ya Granada, ndowa ya matope ili m'manja.
Lero talowa.

Mikango yamwala ikulavula madzi,
ngalande yowonda ngati mtsempha
ikuwaperekeza m'zipinda.
Kudenga kuli zisa za njuchi zosadontha uchi.
Pakhoma zilembo za Chiarabu zayanga ngati mpesa,
sititha kuziwerenga.

Mlonda atayang'ana kumbali
bambo asisita khoma
ndi chala chong'aluka ndi laimu.
"Apa dzanja linanjenjemera," akunong'ona,
"kenako anakonza. Dzuwa linali litapendeka,
munthuyu anatopa."

Mayina a mafumu ali m'kabuku ka alendo.
Bambo sanakatsegule.
Apeza mnzawo.