Mungu Ulibe Chitupa

Njere makumi anayi ndinazimanga m'sokosi
basi itagona pa Beitbridge usiku wonse.
Wa yunifolomu anapisa m'chikwama, natenga sopo,
anayang'ana chitupa, anayang'ana nkhope,
koma phazi langa sanalifunse.
Chimanga cha bambo anga, choyera mbee,
cha m'munda wa kutsetse ku Bembeke,
chinalowa mu Joni ndi fungo la nsapato.

Kuseri kwa nyumba ku Turffontein
kuli kamalo ka mapazi khumi ndi awiri
pakati pa chimbudzi ndi mpanda wa malata.
Dothi lake linali lotuwa, louma gwa,
mbale wake wa fumbi la milu ya migodi
limene mphepo ya Ogasiti imatithira m'maso ndi m'kapu.
Ndinalidyetsa makoko a mazira, masamba a tiyi,
ndi kabichi wofota amene Amosse amandisungira
akamatseka benchi lake madzulo.
Madzi osamba sinditaya.
Ndowa imagona pansi pa mpope wodontha,
dontho lililonse ndimalipezera ganyu.
Patapita miyezi isanu nyongolotsi zinabwera zokha,
sindinaziitane.

Tsidya la malatawo MaNtombela
amabzala chake chachikasu, cha kwawo ku Nquthu.
Sitichezerana kwenikweni.
Iye moni wake, ine moni wanga,
mpanda n'kumamvetsera.
Chaka chija anyamata ankayenda ndi zibonga mumsewu
kufunsa anthu dzina la chigongono m'Chizulu,
anandibisa kuseri kwa thanki yake ya madzi a mvula
mpaka tambala wa wotchi atalira,
ndipo nkhaniyo sitinaitchulenso.

Januwale, ngayaye zinatuluka mbali zonse ziwiri.
Mphepo ya masana, ija imatsogolera matala,
inagwedeza mapesi ake, inagwedeza anga,
kafumbi kachikasu n'kulumpha malata
osaima pamzere, osadinditsa,
kukatera pa ndevu za chimanga cha bambo anga.
Ine ndinali kuntchito ku Sandton,
kudulira maluwa a eni ake.

Tsiku losenda ndinakhala pansi.
Mizere yoyera, inde, koma apa njere yachikasu,
apo ina, apo zitatu zogundana
ngati alendo amene akhala kale pamphasa
mwini nyumba asanabwere.
Ndisaname, ndinakwiya.
Ndinati mbewu ya kwathu yaipitsidwa,
nanga a ku Bembeke ndidzawauza chiyani?

Amene anaseka ndi Lonjezo.
Amayi ake, Puseletso, ndi Msotho wa ku Qwaqwa.
Mphuno ndi yanga mwanayu,
mpata wa m'mano ndi wa amalume ake
amene sadziwa kuti Dedza ili mbali iti.
Amalota m'zilankhulo zitatu,
akakwiya amasakaniza zonse.
Anatola chimanga chimodzi, nachiyandikiza kutsaya:
“Ababa, tajambulani. Tikufanana.”

M'mawa mwake dzanja linatulukira pamwamba pa malata
litagwira chimanga chachikasu,
njere zina zitatumbuluka ngati zasamba mkaka.
Kani mphepo ija inapita n'kubwerera.
Ndinakwera pa njerwa, ndinapereka changa,
iye anapereka chake,
tinaseka kuseka kosafuna womasulira.

Tsopano njere zamawangamawanga zili m'botolo la chiponde
limene Sechaba wa ngolo ya zinyalala
analipulumutsa m'bini Lachiwiri m'mamawa.
Ndathiramo phulusa kuopa anankafumbwe.
Zoyera zenizeni ndapatula pang'ono m'kabotolo kena,
pakuti mtima wa munthu susintha tsiku limodzi,
ndipo mbewu yakale nayo isafe.

Puseletso akuti ndimalankhula ndi mabotolo usiku.
N'kutheka.
Disembala ndikupita kumudzi,
bambo akalamba, munda wa kutsetse watopa.
Sindinaganize kuti nditenge botolo liti.
Sokosi ija ilipo,
yabooka pachidendene, koma ilipo.