Womasulira ku Ofesi ya Zipepeso

Lachitatu lililonse ndinkakhala pakati pa milomo iwiri,
m'kontena yozizira ya kumpanda wa asilikali ku Baquba.
Kumanja kwanga Kaputeni Delacroix ndi bokosi la ndalama,
kumanzere aliyense wobwera ndi chithunzi cha wakufa.
Ntchito yanga inali kuwolotsa mawu pa tebulo
osataya ngakhale dontho.
Ndinkataya.

Bambo Thamer analowa ndi fungo la malalanje m'zovala.
Galimoto yawo sinaime msanga pa chotchinga cha pamsewu.
Dzanja limene msilikali anakweza lija
iwo analiyesa moni.
Nuha, wa zaka zisanu ndi zinayi, anali kumbuyo
pamwamba pa makatoni, akusenda lalanje ndi chikhadabo.

Kaputeni anati: Uwauze kuti uku si kuvomera mlandu,
ndi chifundo chabe.
Ine ndinati: Akuti pepani.
Bambo Thamer anati: Uwafunse, anadzatani kuno?
Ine ndinati: Akufunsa kuti asayine pati.

Musandiyang'ane choncho.
Ine ndinavina tsiku limene akasinja awo analowa,
ndinavina mpaka nsapato kuduka lamba.
Mkulu wanga Mundhir anatengedwa usiku, opanda malaya.
Zaka khumi ndi chimodzi amayi ankatsuka kapu yake m'mawa uliwonse
ngakhale panalibe womwera,
ndipo palibe mnansi, palibe msonkhano wa mayiko
umene unagogoda pa chitseko cha ndende ija.
Anachithyola ndi anyamata omwewa,
otafuna chingamu, olephera kutchula dzina la mtsinje wathu.
Mundhir sitinamupeze. Tinapeza nambala yake m'kaundula,
tsiku, ndi siginecha ya womupha.
Amayi analira. Kulira kumeneko kunali kupuma kwawo koyamba.

Ndiye inu odziwa kuyeza, ndigwirireni sikelo.
Uku kaundula wa ndende,
uku makoko a lalanje losatha kusenda.
Ine manja anga amanjenjemera.

Kaputeni sanali chilombo, ndikanakonda akanakhala chilombo.
Anaphunzira moni wathu, ankautchula mopindika,
ndipo madzulo ena, atatseka bokosi, anandifunsa:
Tikanapanda kubwera, akanabwera ndani?
Ndinakhala chete, chifukwa palibe.
Koma mumtima ndinati: wothimitsa moto kwa mnzake
sagona pabedi la mwini nyumba,
salemba mtengo wa ana ake papepala,
ndipo amene anakutumani
sanafunse ngakhale mmodzi wa ife ngati tili okonzeka kulipira.
Anawerengera m'zipinda zakutali kuti akufa adzachepa.
Mwina anachepadi. Nuha anali mmodzi chabe.

Bambo Thamer sanawerenge ndalamazo.
Anazipinda, anaziika m'thumba la pachifuwa,
pakuti panali ana ena atatu ndi galimoto yobooka.
Kenaka anatulutsa lalanje, naliika pa fomu ija,
nati: Mlendo sachoka kwathu osalawa kanthu.
Zimenezo ndinamasulira zonse, liwu ndi liwu.
Kaputeni sanalidye. Linakhala pawindo mpaka linauma.

Lero ndimapanga mizere ya zipatso m'sitolo ku Malmö.
Anzanga awiri omasulira anawomberedwa pakhomo pawo
chaka chimene alendo aja analongedza.
Mwana wanga Rafif wabwera ndi ntchito ya kusukulu:
Kodi nkhondo ija inali yolungama? Sankhani mbali, perekani zifukwa zitatu.
Akuti: Atate, inu munaliko, ndiuzeni.

Ndamuuza za kapu ya amalume ake.
Ndamuuza za chikhadabo cha Nuha.
Akuti aphunzitsi safuna nkhani, akufuna yankho.

Ndiye ndatenga cholembera chake,
ndipo pamwamba pa tsambalo, m'chilankhulo cha Kaputeni,
patapita zaka zonsezi,
ndamasulira funso la Bambo Thamer.