Mtengo wa Mwendo

Ndatsika Thabwa m'mbandakucha,
minibasi ikulira mabuleki m'makhota,
mafayilo asanu ndi anayi pamiyendo
ngati mwana wa eni amene andipatsa kuti ndiwagwirire.
Pofika pa mlatho bulauzi yamata kale kumsana.
Jekete lakuda silidziwa kuti kuno ndi kuchigwa.

Bwana Kamphinda ananena tsiku londilemba ntchito:
"Chaka choyamba si cha ndalama, n'chophunzira.
Nthawi yako uzilemba, ngakhale mphindi."
Ndiye ndimalemba.
Foni ya mphindi zitatu, ndalemba.
Kalata yokana mlandu, ndalemba.
Loweruka lathunthu ndi Lamulungu madzulo, ndalemba.
Maliro a azakhali kwa Tengani sindinapite,
fomu ilibe mzere wa maliro.

Ola langa limodzi a inshuwalansi amaligula
pa mtengo umene ine ndimaugwirira masiku atatu.
Malipiro amalowa pa 28.
Lendi ya kachipinda ku Chilobwe iluma kaye,
ngongole ya sukulu ilumanso,
mayunitsi, thiransipoti, sopo wochapira kolala yoyera,
pofika pa 11 ndayamba kupereka moni wautali kwa a katapila.
Kwathu amati mwana wa Fulukiya ndi loya,
ndipo mauthenga a fizi ndi a malata
amandilira m'khutu ngati udzudzu wa m'dambo.

Lero ndi fayilo 214.
Bambo Alufandika Thengo, a kabaza pa Nchalo.
Lole ya nzimbe inawapeza pamphambano chaka chatha,
mwendo wamanzere unatsala kuchipatala.
Ntchito yanga ndi kufunsa:
Kodi njinga inali ndi kagalasi kowala kumbuyo?
Simunalaweko kanthu tsiku limenelo?
Mukuti mumapeza zakuti patsiku, malisiti ali kuti?
Wakabaza wolemba lisiti ndani?
Ndikudziwa. Ndafunsabe.

Ayankha m'Chisena chofewa, chonga cha mayi anga.
Womasulira asanatsegule pakamwa ndamva kale zonse,
koma ndadikira, cholembera m'manja,
ngati mlendo wochokera kumtunda.

Pa kapepala kachikasu bwana anandilembera nambala,
pansi pake mzere, pansi pa mzere: "Usapyole apa."
Ndaigawa chamumtima ndi malipiro anga.
Mwendo wa munthu ndi miyezi yanga khumi ndi inayi.
Sindikudziwa watchipa ndani pa awirife.

Magetsi azima, fani yaima,
a majisitireti apukuta khosi n'kuuimitsa mlandu
mpaka mwezi wamawa.
Kunja, pansi pa nimu,
bambowo agoneka ndodo zawo ziwiri pambali,
akusenda nzimbe ndi mano.
"Mayi loya, mumatha kufunsa. Kwanu n'kuti?"
Ndati, "Ku Blantyre."
Alavula makoko, aseka pang'ono.
"Ehe. Koma makutu anuwo ndi akuno."

Mwana wawo, Zuze, ndiye akupalasa tsopano,
njinga yomweyo, anakaiwongola kwa wowotcherera.
Wandinyamula mpaka padepoti,
ine kumbuyo, fayilo ya bambo ake nditaikumbatira
kuti mphepo isaiulutse.
Ndalama wakana kawiri, kachitatu walandira,
wati, "Takhuta."
Ku ofesi sabweza za ulendo popanda umboni,
ndiye pakamwa panga payamba pokha: "Kodi lisi..."
Mnyamatayo wandiyang'ana.
Theka lotsalalo ndameza pamodzi ndi fumbi.

Tsopano tikukwera Thabwa, makutu akutsekeka,
nyali za m'chigwa zikucheperachepera kumbuyo.
Foni yanjenjemera m'thumba:
mafayilo ena atatu, akufunika Lolemba m'mawa,
ndi funso lakuti bwanji sabata ino maola achepa.
Ndatulutsa fomu, ndayala pabondo.
Kukhoti, maola awiri ndi theka.
Ulendo, maola anayi, pa theka la mtengo.
Pansi pa nimu, mphindi khumi ndi ziwiri.
Cholembera chaima pamenepo.
Wozilipira sindikumupeza.