Kamtanda Kofiira

Dzulo usiku kompyuta inati: musandizimitse,
ndikudzikonza.
Ndinaisiya ikuwerenga manambala ake,
ine n’kupita kukatembenuza nkhalamba za eni
kunyumba ya okalamba ku Burslem.

Ndabwera m’mawa jekete ili chonyowa.
Mvula ya kuno ilibe bingu, ilibe fungo la dothi,
imangokhalapo basi.
Foni yanga inagwera m’ndowa Lachiwiri.
Ku Balaka dzuwa lakwera kale,
ndipo Lonjezo wakweza foni yake m’mwamba
kuti nane ndikhale nawo pa maliro a bambo ake.

Ndikuona zonse. Bokosi lili pakhonde.
Amayi a Mvano avala zoyera,
milomo ikutseguka, ikutsekeka,
wina akupukuta misozi ndi nsonga ya duku,
koma m’chipinda muno muli zii.
Firiji yokha ndiyo ikung’ung’udza.

Pakona ya sikirini, kasipika kojambula
kali ndi kamtanda kofiira pambali.
Mtanda winanso, lero lomweli.

Ndagwada pansi pa tebulo.
Fumbi, ndalama yachitsulo, sokosi imene ndinaisaka chaka chatha.
Chingwe cha mutu wobiriwira chili m’bowo lake lomwe.
Ndazula, ndauzira, ndabwezera.
Ndapotokola kagudumu ka sipika mpaka kagunda.
Ndazimitsa, ndayatsanso:
mphindi zinayi zathunthu
timadontho tikuzungulira ngati galu wofuna pogona.
Pobwerera ndapeza abusa ali pakati pa ulaliki,
dzanja likudula mphepo,
sindikudziwa ngati akunena za Lazaro kapena za ngongole.

Makina akuti adzifufuza okha.
Adzifufuzadi. Akuti sanapeze vuto lililonse.
Ndaseka.
Ee, ndaseka, pa maliro a achimwene anga.

Ndagogoda khoma katatu.
Radek walowa ndi masilipasi, tulo tili m’maso,
nayenso wachokera ya usiku kufakitale ya mbale.
Waona bokosi likunyamulidwa, wavula chipewa,
kenako wakoka mpando.
Akuti mwina ndi madalaivala,
atsopanowa sagwirizana ndi makina akale.
Ine dalaivala ndimadziwa mmodzi yekha,
uyo ali pamapewa a anzakeyo,
zaka makumi awiri pamsewu wa Zalewa
osagundapo ngakhale mbuzi.

Radek akutsegula mawindo m’kati mwa mawindo.
Anthu afika kumanda. Fumbi lakwera.
Chithunzi chaima, chayendanso,
chaonetsa nsapato za Lonjezo, thambo, nsapato.

Apa, akutero Radek. Mawu sanathawe ayi.
Akupita kolakwika.
Nthawi yonseyi kompyuta imawatumiza ku sikirini,
ndipo sikirini iyi ilibe pakamwa.
Nyimbo zonse zija zinafika ku Stoke,
zinawoloka nyanja, zinakwera masitepe,
zinangosowa potulukira.

Chala chimodzi. Dzina lina pamndandanda.

Ndinaiwala kuti kagudumu ndinakasiya kumapeto.
Chabuka si nyimbo.
Ndi mphepo ikumenya foni,
khasu likugunda mwala,
dothi likugwera pathabwa: di! di!
ndi mayi wina akukuwa chapafupi:
Gwirani mwanayo, agwera m’dzenje!
Makapu agwedezeka pashelefu.
Wa chipinda chapamwamba akuponda pansi ndi chidendene.
Radek watambasula dzanja kuti atsitse,
ndamugwira pamkono.
Asiye. Amve nawo wa pamwambayo.
Maliro a Chingwalu saikidwa monong’ona.

Kenako mpweya wa Lonjezo, pafupi kwambiri,
ngati waima kuseri kwa khutu langa:
Azakhali, mukumva?

Ndikumva, mwanawe, ndikumva.

Azakhali?

Ndati ndikumva!

Azakhali, ngati mukumva yankhani,
batire latsala pang’ono.

Radek wandiyang’ana, wayang’ana pakona paja.
Pali kachithunzi kena, ka maikolofoni,
kodulidwa ndi mzere pakati.
Wapumira m’mwamba, wakokanso mpando.
Ine ndakweza dzanja pamaso pa kamera,
ndikuligwedeza ngati wosiyidwa ndi basi.