Loweruka Kuseri kwa Nyumba

Namwino wa ku Moatize anamasula lamba pamkono panga
nayang'ana manambala ngati akuwerenga ngongole.
Anati: A Gervásio, mtima wanu ndi njinga
koma mwaukoketsa ngolo ya malasha.
Mafuta a mbuzi muwasiye. Mchere muchepetse.
Ndinabwerera kunyumba ndi kapepala m'thumba
ndi mkwiyo wosowa mwini.

Kuseri kwa nyumba, pansi pa msawu,
pali mbaula yomwe ndinawotcherera ndekha
ndi chitsulo cha gudumu la lole
imene inafera pamsewu wa ku Zóbuè.
Zaka zisanu ndi ziwiri sinadziwepo china
koma nthiti, chiwindi, matumbo okulunga,
mafuta akudontha pamakala, tsii, tsii,
utsi ukuitana bairo lonse popanda foni.

Loweruka loyamba ndinaikapo mabiringano.
Kunja anada bii, m'kati ali siponji.
Therere linagwera m'mipata ya mawaya
limodzilimodzi, ngati anthu ozemba msonkhano.
Zefanias anafika ndi mabotolo awiri, nasuzumira:
Kale timadya mbuzi, achimwene,
lero tayamba kulanda chakudya cha mbuzi?
Anapita dzuwa lisanapendeke,
mabotolo akenso anapita nawo.

Ernestina sananditonthoze.
Anazula masipoko panjinga yakufa ya mwana,
nawakwecha ndi mchenga mpaka mbee,
nabaya therere, asanu asanu.
Anati: Makalawo kankhirani mbali imodzi.
Moto nawo ukhale ndi chipinda ndi khonde.
Nsomba ilowe kuchipinda,
dzungu lidikire pakhonde, silifuna phuma.

Ndaphunzira mochedwa,
ngati wogwira pensulo ali kale ndi imvi,
kuti pende ya ku Songo uicheke katatu mbali zonse,
uifinyire ndimu, uipake adyo ndi tsabola wosinja,
mchere wotsina ndi zala ziwiri, chachitatu chipumule;
kuti mbatatesi ya ku Tsangano imakonda kugona m'phulusa
osadzutsidwa pafupipafupi;
kuti anyezi wootcha ndi makoko ake amatsekemera
ngati munthu waukali ukamupeza ali yekha.
Matimati amaphulika, ndimawakanya ndi nsinjiro.
Chinanazi chimatuluka ndi mizere yakuda kumsana,
ana amalimbirana cha pakati.
Nkhuku ndimaivula khungu.
Zimandiwawa ndithu.
Galu ndi amene wanenepa chaka chino.

Ndisaname.
Masiku ena mphepo ikachokera kwa a Jemusse
imalumpha mpanda itasenza fungo lija,
ndimangoima, mbaniro m'manja,
malovu atasefukira ngati Zambezi wa mu Febuluwale.
Kamodzi pamwezi ndimagula kanthuli kofiira kopanda choyera,
timagawana anthu asanu,
ndimatafuna pang'onopang'ono ngati ndikuwerenga kalata.

Lamba wa thalauza wabwerera mabowo awiri.
Chitunda cha kumsika sichindiimitsanso pakati.
Namwino uja mwezi watha anangoti: Hmm,
nalemba nambala yaing'ono,
osandiyamika n'komwe.

Dzulo Zefanias wabweranso, wopanda mabotolo.
Mapazi atupa, nsapato wapondera kumbuyo,
m'thumba la malaya mukusuzumira kapepala
kofanana ndi kanga kaja.
Sitinakakambe.
Anakhala pakireti, natola sipoko imodzi ya therere,
natafuna akuyang'ana kutali
kumene sitima ya malasha inkadzikoka, yosatha.
Anatolanso ina.
Kenako, motsitsa mawu kuti Ernestina asamve:
Kodi ichi mumathirako chiyani?

Ndinamupatsa mbaniro.
Ndinati: Yamba watembenuza dzungulo,
la kukhondelo,
lisanapserere.